Kwa Inu Ofuna Kupenta ndi Phula Lotentha

Ana anga, ndamva kuti ena mwa inu mwayamba kufunsa za luso lopenta zithunzi ndi phula lotentha, ndipo funso lanu loyamba n'lakuti utoto wake mukaugula kuti. Funso limenelo liyambe ladikira. Pa ntchito iyi chida chachikulu ndi moto, ndipo amene sadziwa kuusunga pa mlingo wake angowononga phula, thabwa ndi chifuwa chake chomwe.

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Popenta mumalisunga pakati pa 80 ndi 95. Mukaona kuti layamba kufuka, dziwani kuti lapsa: limada, ndipo utsi wake umaluma m'maso ndi pakhosi, mutu n'kumawawa tsiku lonse. Likayandikira madigiri 200 limagwira moto mosavuta, ndipo moto wa phula sazimitsa ndi madzi ayi. Mumavundikira poto ndi chivundikiro kapena kuthirapo mchenga. Choncho choyezera kutentha chigulidwe burashi isanagulidwe, ndipo gwirani ntchito pakhonde kapena m'chipinda chotsegula mazenera onse. Anzanu a kunja amaika zitini zawo pa chitsulo chamagetsi chimene amachikweza ndi kuchitsitsa mmene afunira. Inu amene muthamangira ku mbaula magetsi akathima, ikani chitini cha phula m'poto wa madzi, pakuti madzi owira sapyola madigiri 100. Musamale kokha kuti madziwo asadonthere m'chitinimo.

Musadere mbaula. Ku Egypt, m'dera la Fayum, anthu a nthawi ya ulamuliro wa Aroma ankapenta nkhope za abale awo pa timatabwa topyapyala n'kutimangirira pa mitembo yokutidwa ndi nsalu. Katswiri wofukula zakale Flinders Petrie anafukula zambiri za zithunzizi ku Hawara mu 1888. Patha zaka pafupifupi 2,000, koma maso a anthu amenewo akadali owala, ndolo zikuoneka, tsitsi lopotana mukhoza kuliwerenga. Amisiri aja analibe magetsi. Anali ndi makala, phula, burashi ndi kachitsulo kotenthetsa kosalazira. Chithunzi cha Khristu chosungidwa ku nyumba ya amonke ya St Catherine ku Sinai, cha m'zaka za m'ma 500, chinapentedwanso motero. Phula sililowa madzi, ndiye utoto umene laukuta umakhala monga unalili. Ndikaona mnyamata akudandaula kuti alibe zipangizo za ku London, ndimangoti sanaone nkhope za ku Fayum.

Phula lenileni lili pafupi nanu. Alimi a njuchi a ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba, kapena a ku Kabompo ndi ku Mwinilunga m'dziko la Zambia, ali nalo, ndipo ena akafinya uchi amangotaya zisa. Kagulaniko. Lisungunuleni pa moto wochepa, mulisefe kawiri pa nsalu kuti miyendo ya njuchi ndi zinyalala zitsale. Likhala lachikasu, ndipo chikasucho chimasintha mitundu: buluu amaoneka wobiriwira. Mukafuna loyera, lipaleni tizidutswa topyapyala n'kuyanika padzuwa milungu ingapo. Inde, kuona maso a nkhono n'kudekha. Makandulo a m'golosale asakunyengeni ndi kutchipa kwake. Ambiri ndi opangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, ndipo phula lotere n'losalimba, limang'aluka mosavuta.

Amisiri a masiku ano amasakaniza phula ndi utomoni wotchedwa damar, wochokera ku mitengo ya ku Indonesia ndi Malaysia, gawo limodzi la utomoni pa magawo asanu ndi atatu a phula. Umalimbitsa chithunzi ndi kuchiwalitsa. Uperani kaye, chifukwa umachedwa kusungunuka ndipo umafuna moto wokwererapo pang'ono. Pamenepo musachoke pa poto ngakhale foni ilire. Vanishi wa damar wa m'botolo si utomoni womwewo, muli mankhwala ogwira moto, musamutenthetse. Utomoni ukasowa, phula lokha limagwira ntchito, kungoti chithunzi chimakhala chofewerapo, ndipo musachisiye m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala ku Chikwawa.

Tsopano utoto uja. Ndi ufa chabe wa mtundu, wovundulira m'phula losungunuka. Dothi la katondo mukalitsuka, kuliyanika mpaka gwa, kulipera ndi kulisefa, limapereka kufiira kokoma kumene sikufwifwa. Makala opera bwino amapereka mtundu wakuda. Penti wa m'nyumba ndi wina aliyense wosungunulira madzi sagwirizana ndi phula. Penti wa mafuta wa m'machubu amatheka, koma mumufinyire pa pepala agone usiku kuti mafuta achepe, ndipo muikemo pang'ono. Ufa wogula wokhala ndi mtovu kapena cadmium ndi poizoni. Phimbani mphuno popera, ndipo nsima musadyere pa tebulo limenelo.

Burashi ikhale ya ubweya wa nyama, ya nkhumba kapena ya mbuzi. Ya nayiloni imafota ikakhudza chitsulo chotentha. Mtundu uliwonse ukhale ndi yake, ndipo palibe chotsukira: phula likauma pa burashi, mawa lisungunukanso. Popentapo pakhale polimba ndi pomwa phula, monga pulayiwudi wokwecha ndi sandipepa, wosapaka vanishi. Nsalu yokoka pa felemu imagwedezeka, phula n'kusweka, pokhapokha mutaimata pa thabwa.

Pali ntchito imodzi imene aulesi amailumpha, ndipo ndi imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa. Phula limauma burashi isanafike n'komwe kumapeto kwa thabwa, ndiye mukapaka lina pamwamba pake, awiriwo amangogonerana osagwirana. Mukapaka kamodzi, tenthetsani pamwambapo kuti lilumikizane ndi la pansi, kenako pakaninso. Ena amagwiritsa ntchito chopemerera mpweya wotentha, ena kalawi ka gasi, ena simbi yositira kapena supuni yotenthetsa pa makala. Mukangoona kuti pamwamba payamba kunyezimira, chotsani moto. Mukachedwa pang'ono, mphuno imene mwavutikira m'mawa wonse iyenderera n'kukafika pa chibwano. Kuuma msanga kumeneku n'kumene Jasper Johns wa ku America anakondera pamene ankapenta mbendera ya dziko lake mu 1954 ndi 1955, n'kukutiramo zidutswa za nyuzipepala zimene zikuwerengeka mpaka lero. Pamene palakwika, palani ndi lumo, zopalazo muzibwezere m'chitini.

Chithunzi chikatha, pa miyezi yoyamba chimatha kuchita mbuu pamwamba. Sikuti chawonongeka, phula likukhwima. Pukutani ndi nsalu yofewa ya thonje, chiwalanso. Wogula muzimuuziratu zimenezi pomulandira ndalama, komanso kuti asachipachike moyang'anana ndi dzuwa kapena pafupi ndi pophikira, ndipo akachiika m'felemu, galasi lisakhudze phula.