Makobiri a m'chitini cha agogo

Madzi a tiyi asanawire, tiyeni tikambeko za ndalama zakale.

M'nyumba zambiri muli kachitini ka makobiri amene sagulanso kanthu. Mungapezemo kobiri lobowoka pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lojambulidwa njovu ziwiri, kapena mangwee a 1968, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi kuno ku Zambia. Makobiri oyamba a dziko lathu ankasulidwa kutali, ku Royal Mint ku Britain.

Agolide ndiwo osowa. Mu 1979 kunatuluka kobiri lagolide la K250 lojambulidwa mmbulu, lokumbutsa za kuteteza nyama zakutchire. Silinapangidwe kuti ligule ufa pa Cairo Road mu Lusaka, koma kuti osonkhanitsa makobiri alisunge. Komatu golide si wachilendo kuno: ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, anafukula mikanda yagolide ndi mitanda yamkuwa imene makolo ankachitira malonda.

Mukapeza kobiri lakale, chonde musalikweche ndi phulusa. Ogula amafuna dzimbiri lakelo, ndipo lokwechedwa limatsika mtengo.