Ndege yoyamba muigwetsere pa kompyuta

Ana anga a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi inu a ku Mgona, ndamva kuti ambiri mwa inu mitima ili dyokodyoko kufuna kuulutsa tindege ta rimoti, tomwe ena amati ma drone. Ine sindikuletsani, chifukwa zimenezi zidasiya kale kukhala zidole. Mu Malichi 2016, muno mu Lilongwe, boma ndi UNICEF adayesa kandege ka kampani ya Matternet pa ulendo wa makilomita 10, kuchokera pa chipatala chaching'ono kukatera ku Kamuzu Central Hospital, pofuna kuona ngati magazi a makanda okayezedwa HIV angamafike msanga ku labotale. Mu 2017 adapatula mlengalenga wa ku Kasungu, makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege la kumeneko, kuti pakhale poyeserera. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa muno mumzinda mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa tindegeti tanyamulapo mankhwala kupita ku zipatala zovuta kufikako. Ndiye ntchito ilipo, kuyambira kujambula maukwati mpaka kuyeza minda.

Chimene sakuuzani a pa YouTube n'chakuti aliyense wophunzira amagwetsa ndege, ndipo sagwetsa kamodzi. Phiko likathyoka kapena injini ikapsa, chosinthira chake muchiitanitsa ku China kapena ku Joni, muchilipira ndi madola amene nonse mukudziwa kusowa kwake, n'kudikira masabata. N'chifukwa chake anzathu adapanga mapulogalamu oyeserera, amene amawatcha simulator. Mumagwetsa ndege pa kompyuta, n'kudina batani, ndege n'kudzukanso yathunthu.

Tsono tamverani apa, pakuti ambiri amayambira kumchira. Musayambe ndi kufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Yambani ndi rimoti. Chimene mukuphunzitsa ndi zala zanu, ndipo zala zimaloweza chimene zagwira. Mukaphunzira ndi kiyibodi, kapena kusisita galasi la foni, tsiku logwira rimoti yeniyeni mudzakhala mlendo. Pezani rimoti yomwe mudzaulutsire ndege yanu ndipo muonetsetse kuti imalumikizika ku kompyuta. Za RadioMaster, monga Pocket ndi TX16S, zimangofuna chingwe cha USB ndipo kompyuta imazizindikira. FlySky FS-i6, imene ambiri amayambira poti ndi yotsika mtengo, imafuna kachingwe kake kapadera, ndiye mufunse musanapereke ndalama. Ngati thumba silikulola, sonkhanani anayi kapena asanu mugule imodzi, muzilandirana.

Mukaigula musankhiretu kakonzedwe ka timitengo take. Ambiri amagwiritsa ntchito Mode 2: kamtengo ka kumanzere ndi ka moto wa injini ndi kutembenuza mphuno ya ndege, ka kumanja ndi kopendeketsa ndege kumbali, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa Mode 1 moto umakhala kumanja. Palibe wolakwa pa awiriwa, koma musamasinthesinthe, ndipo mutsate zimene akugwiritsa ntchito amene adzakuphunzitseni pabwalo.

Chachiwiri ndi kompyuta yanu, osati ya m'maloto ayi, koma laputopu yakaunjika imene muli nayoyo. Mapulogalamu a zithunzi zokongola, a udzu wogwedezeka ndi mitambo yoyenda, amafuna makina amphamvu. Pa makina ofooka chithunzi chimadukiza, ndege imayankha mochedwa, ndipo zala zanu zimaphunzira kuchedwa komweko. Kuli bwino pulogalamu ya zithunzi zosaoneka bwino koma yoyenda myaa. Mufunsenso kuti ndi yaikulu bwanji musanayambe kuitsitsa, chifukwa ina imamaliza bandulo ya mwezi wonse, ndiponso ngati imagwira ntchito popanda intaneti. Laputopu ili ndi ubwino wina: magetsi akazima mumapitiriza ndi batire.

Mayina ndikupatsani, koma mtundu wa ndege yanu ndiwo ulamule. Wofuna ndege ya mapiko ayambe ndi PicaSim. Ndi yaulere, imayenda pa Windows ndi pa foni za Android, ndipo poti idapangidwira makamaka ndege zouluka ndi mphepo popanda injini, imaphunzitsa kuwerenga mphepo bwino kwambiri. RealFlight ya Horizon Hobby ili ndi ndege zambiri, mahelikopita omwe, koma ndi yodula ndipo imafuna kompyuta yabwino. Ine sindiona chifukwa choti mwana wongoyamba aitayire ndalama. Wofuna drone ya mainjini anayi ayese FPV Freerider, imene ili ndi gawo loyesa laulere ndipo siilemetsa makina. Manja akakhwima ndiye aganize za VelociDrone kapena Liftoff, zimene amakonda a mipikisano. Microsoft Flight Simulator ndi X-Plane musavutike nazo pa nkhani iyi. Zimenezo zimakukhazikani m'kati mwa ndege ngati payiloti, pamene inu mudzaima pansi, ndege ili uko.

Za mapulogalamu okuba amene ena amakuikirani pa fulashi, ndingoti nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo laputopu imeneyo ndi yomwe mlongo wanu amalembera ntchito ya kusukulu. Aulere enieni alipo, ndawatchula kale.

Kuima pansi kuja ndiye pagona nkhani yonse. Kumbukirani galimoto za mawaya zimene mudakula nazo: nthawi zonse mumakhala kumbuyo kwake, kumanja kwanu n'kukhala kumanja kwa galimoto. Ndege ya rimoti siitero. Ikamapita kutali zonse zili bwino, koma ikatembenuka n'kuloza kwa inu, kumanja kwake kwasanduka kumanzere kwanu. Mukati muikhotetsere uku, iyo ipita uko, mantha n'kukugwirani, mukankha kamtengo mwamphamvu, basi yagwa. Mutu ukhoza kumvetsa zimenezi lero lomwe, koma zala zimatenga masabata. Choncho musankhe pulogalamu imene imakuonetsani ndege muli chiimire pansi, ndipo tsiku lililonse muziibweretsa kwa inu, kuizungulitsa kumanzere, kenako kumanja, mpaka musiye kuganiza.

Ndikudziwa chimene chidzakukopeni: kugudubuza ndege m'mwamba anzanu akukuwa. Zisiyeni kaye. Kunyamuka aliyense amatha. Phunzirani kutera, pamalo amodzimodzi, kakhumi motsatizana osagwetsa. Mukatha, tsegulani mphepo mu pulogalamumo muyambirenso, chifukwa mwera wa mu Juni ndi Julaye sudzakufunsani ngati mwakonzeka, ndipo akamvuluvulu a mu Okutobala amabwera osaodira. Inu a ma drone a kamera, monga a DJI, musanyengeke poona kuti mukasiya timitengo drone imaima yokha. Amaigwira ndi GPS, ndipo tsiku limene GPS idzasokonekere, drone idzayamba kutengeka ndi mphepo. Pa kompyuta zimitsani chithandizo chimenecho muphunzire kuigwira nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akale.

Pali zina zimene kompyuta singakuphunzitseni. Siidziwa mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa nyumba za ku Area 23, kapena ana amene adzathamangire ndege ikamatera, pamene mapiko ake ozungulira amacheka ngati lumo. Siikuuzani kuti batire ya ndege, ya mtundu wa LiPo, ikaboowoka kapena ikatupa imatha kuyaka, ndiye muziitchajira pa simenti muli pomwepo, osati pa mphasa mutapita kokagona. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo kukatentha mpweya umapepuka, ndege n'kumafuna liwiro lochulukirapo kuti isagwe.

Tsiku loulutsa yeniyeni mupite pa bwalo la mpira m'mamawa kulibe anthu, mphepo isanadzuke, ndipo mutenge munthu wodziwa aime pambali panu. Inu a ku Area 25 mukumbuke kuti bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi silili kutali ndi kwanu. Musayandikire kumeneko, ngakhale ku nyumba ya boma kapena kumalo a asilikali, ndipo musajambule m'mipanda ya eni ake. Amene akufuna kudyerapo pa luso limeneli ayambe wapita ku ofesi yoona za maulendo a ndege akafunse za chiphaso, asanalandire ndalama ya munthu.