Za Mtengo wa Ntchito ya Manja

Mwezi uno tifuna kuti tilingalire pamodzi mlandu umene uoneka waung'ono, koma ukhudza khomo lililonse kuno ku Thekerani. Mlanduwo ndi uwu: kodi munthu amene atipangira chinthu ndi manja ake tiyenera kumlipira motani? Pakuti pali khalidwe lina limene lazika mizu pakati pathu. Tikalowa m'sitolo yaikulu ku Luchenza kapena ku Limbe, tiwerenga mtengo wolembedwa pa beseni la pulasitiki, ndi kutulutsa ndalama osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Koma tikakomana ndi nkhalamba itasenza malichero tsiku la msika, pomwepo lilime lathu limasuka. Tinenerera, tinyoza katundu wake, tichita ngati tikuchoka, kufikira mwiniyo, poona kuti dzuwa lapendeka ndipo kwao n'kutali, alola theka la mtengo. Ndipo tibwerera kwathu tikudzitama kuti tagula mochenjera. Kodi kumeneku ndi kuchenjera, kapena ndi kulanda?

Tisanayankhe, tiyeni tilitenge licherolo m'manja, tilipenye bwino. Woluka ayamba wafunafuna nsungwi yokhwima, pakuti yanthete ifumbwa msanga. Akaidula aing'amba, napala kachidutswa kalikonse ndi mpeni kufikira kafewa ndi kusalala, kuti kasalase dzanja la mayi wopeta. Atatero aluka, napinda mkombero, nausoka molimba kuti usamasuke. Tapenyaninso mtsuko. Woumba akumba dongo kudambo, naliponda, nachotsamo timiyala, naumba popanda chikombole, maso ake ndi zala zake ndizo muyeso. Aukulungiza ndi mwala wosalala, naudikira masiku kuti uume pamthunzi, ndipo pouotcha mtima uli m'mwamba, chifukwa mbiya ina iphulika pamoto, thukuta lonse n'kupita pachabe. Mtsuko umenewu uziziritsa madzi m'chilimwe popanda magetsi, pakuti madzi pang'ono atuluka m'timabowo ta dongo, ndipo pamene auma kunjako atenga kutentha kwa m'kati. Nzeru yotere makolo athu anaidziwa asanaone sukulu.

Achinyamata ena aganiza kuti luso linabwera kuno ndi sitima. Si tero ayi. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, mipeni ndi mikondo, akupota thonje lolima okha ndi kuomba nsalu. Ndipo iye amene apita ku Blantyre akaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire za kumanga, ndipo amene anaumba njerwa, kuziotcha ndi kuziyala anali anthu a dziko lino amene sanamangepo nyumba yotero ndi kale lonse. Nyumbayo ili chiimire kufikira lero. Koma ng'anjo zija zinazima, ndipo oomba nsalu anatha pamene makasu ndi nsalu za m'sitolo zinachuluka. Luso likasowa wolilipira lifa pamodzi ndi mwini wake, pakuti palibe mwana afuna kuphunzira ntchito imene aona kuti inasaukitsa atate wake.

Tsono ife a ku Thyolo tiyenera kuumva mlandu uwu koposa anthu ena onse. Agogo athu ambiri, makamaka Alomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique, anakhala pa minda ya azungu pansi pa thangata, nagwira ntchito m'malo mwa msonkho wa malo, ndipo goli limenelo linachotsedwa m'chaka cha 1962. Dzina lenilenilo la thangata poyamba linali la kuthandizana kwa anansi m'munda, koma linasanduka dzina la thukuta losalipidwa. Lero abale athu alawirira m'mamawa kukathyola tiyi, dengu kumsana, mame m'miyendo, ndipo madzulo sikelo ndiyo inena mtengo wa zala zao. Tidziwa kuwawa kwake pamene wina aika mtengo pa thukuta lathu, ife tili chete. Nanga bwanji, tikalandira malipiro athu, titembenukira mnzathu woluka mphasa ndi kumchitira chomwecho chimene tidandaula nacho? Iye amene analira m'goli sayenera kusema goli la mnzake.

Koma wina adzati, Inu olemba, mulankhula ngati anthu okhuta. Ndalama ivuta, nthochi zimene zinkatidyetsa zinatha ndi matenda a chisaka, ndipo beseni la pulasitiki silisweka msanga monga mbiya. Kodi mayi wa ana asanu alakwa posankha chotsika mtengo? Mau awa ali ndi choonadi, ndipo sitiwakana. Palibe tchimo m'chidebe cha pulasitiki; chipepuka pamutu pa mwana wotunga madzi m'zitunda zathu zino, ndipo tiyamika. Kunenereranso pakokha si choipa, ndiwo mwambo wa msika, umene wogula ndi wogulitsa apezana nao. Choipa chiyamba pamene tidziwa kuti mtengo umene titchula sufikira ntchito imene inagwiridwa, ndipo tiumirira chifukwa taona njala pankhope ya wogulitsayo. Wosauka amene alibe ndalama anene poyera kuti, Agogo, katundu wanu ndi wabwino, koma thumba langa lachepa. Mau otere sachotsa ulemu wa munthu. Koma kunena kuti lichero ndi loipa pamene tilikhumba mumtima, kumeneko ndi kunama kuti tipindule.

Tikumbukirenso kuti chotsika mtengo nthawi zina chilipitsa pambuyo. Majumbo opyapyala anadzaza m'ngalande ndi m'mimba mwa mbuzi zathu, kotero kuti boma linawaletsa m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho m'chaka cha 2019. Dengu la nsungwi likatha ntchito libwerera kudothi kumene linachokera, osavutitsa munthu kapena chiweto.

Muzu wa khalidwe lathuli tiyesa kuti ndi manyazi. Tinaphunzira kuyesa chinthu cha kwathu chachabe, ndi chochokera kutali chaulemu. Ndipo chimene munthu achinyoza sangachilipire bwino. Mlendo akafika, ena abisa chipande ndi chikho, nathamangira kwa anansi kukabwereka mbale zagalasi. Koma talowani m'nyumba ya mayi amene sachita manyazi ndi zake. Pansi wazira ndi mtsiro, khonde walikongoletsa ndi dothi lofiira ndi lakuda, mkeka wayala poyera, mithiko ndi zipande wazisomeka bwino, mtsuko uli pangodya wovundikira, ndipo pathebulo pali kansalu koluka yekha. Munthu akakhala m'nyumba yotere mtima ukhazikika, ndipo atuluka ndi chilakolako cha kukakonzanso kwake. Kukongoletsa nyumba motero si kunyada. Kunyada ndiko kugula chinthu kuti anansi apse mtima. Koma kukonza chimene uli nacho kuti ana ndi alendo akondwere, kumeneko ndi kulemekeza anthu. Ndipo mayi amene azira yekha nyumba yake adziwa kulemera kwa ntchito ya manja, sangapeputse ya mnzake.

Mlandu womwewu ukhudza okala yaing'ono ya pamudzi, telala wopalasa makina ake pakhonde, kalipentala wa pansi pa mango, ndi wosula mbaula ndi ndowa. Mwezi ukatalika ndi iwo amene atikongoza mchere ndi sopo, pakuti atidziwa maina. Mwana akadwala usiku ndi iwo amene atsegula chitseko. Sitolo yaikulu ya m'tauni sidziwa maliro athu. Koma taonani chimene tichita: tikakhala ndi ndalama tikwera galimoto kukagula kutali, tikasowa tibwerera kwa mnansi kukatenga ngongole, ndipo pobweza tizengereza kufikira okalayo itsekedwa. Ndalama imene tilipira mnansi siipita kutali. Mawa idzagula chinangwa chathu, mkuja idzaponyedwa m'mbale ya chipepeso pakhomo pathu. Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo kulipira mnzako moyenera ndi kuikanso komweko.

Amisiri nawonso tiwachenjeza, pakuti chilungamo chiyenda mbali zonse ziwiri. Woumba asagulitse mphika wosapsa, woluka asabise nsungwi yofumbwa pansi pa mkombero, kalipentala asapake utoto pa thabwa laliwisi, ndipo telala asalandire chikole cha malaya a ukwati n'kumathawa mwini wake. Mmisiri mmodzi wonyenga atsitsa mtengo wa anzake onse. Ndiponso iye amene ali ndi luso asapite nalo kumanda. Aitane mdzukulu akhale pambali pake, amgwiritse mpeni ndi nsungwi.

Chifukwa chake, abale, yankho lathu ndi ili. Pogula chinthu cha manja, tiyambe tadzifunsa kuti chinatenga masiku angati, ndipo ife tikadalola kulandira zingati pa masiku omwewo. Tikatha kulipira mtengo wonse, tilipire osang'ung'udza. Tikalephera, tipemphe mwaulemu, osanyoza ntchito. Ngongole ya paokala tibweze tsiku limene tinalonjeza. Ndipo chimene tagulacho tichiike poonekera m'nyumba, kuti ana athu akafunsa tiwauze dzina la munthu amene anachipanga.