Mbalame ya Sikusinja

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina anatiŵerengera nkhani yake ya mwamuna wachuma wankhanza ndi mtsikana wamasiye wopemphera. Kumapeto kwake mwamunayo anagwera m'chitsime, mtsikanayo nakwatiwa ndi mphunzitsi. Tonse tinaomba m'manja, ndipo pokambirana tinangolimbana ndi kalembedwe ka mau. Koma pobwerera kuchipinda mtima wanga sunakhale m'malo, pakuti nkhani yomweyo inenso ndailembapo kangapo, kungosintha maina. Tsono ndati ndifunse pano zimene ndinachita nazo manyazi pamaso pa mwini wake: tikamagaŵa anthu a m'nkhani zathu paŵiri, uyu wabwino uyo woipa, kodi timanena zoona kapena timangodzitonthoza?

Ine ndinakulira kufupi ndi Lirangwe, ndipo nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe ndinayamba kuimva kwa agogo anga aakazi ndisanaione m'buku la a John Gwengwe. Abale aŵiri apita kutali kukagwira ntchito. Wina asunga chuma chake, wina amwaza. Pobwerera Gwenembe apha mbale wake kuthengo natenga katundu, koma kambalame kamtsata kakuimba zimene wachita. Momwe ankasimbira agogo, Gwenembe ankakapha kambalameko, kukatentha, kukapera, koma kankadzukanso mpaka kanakaimba pakati pa mudzi. Ife ana tinkavomera kuti "tili tonse", mitima ili phaphapha, kudikira chilango.

Nthanoyi sindikuinyoza ai. Mwana ayenera kuyamba wadziŵa kuti kupha ndi kupha, nsanje ndi nsanje, asanayambe kumva kuti zinthu nzovuta. Komatu agogo omwewo usiku wotsatira ankatisimbira za Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, kenaka nkumaba madzi ponamiza alonda, ndipo ife tinkasekera Kalulu osati alondawo. Makolo athu sanali ogona. Ankadziŵa kuti mtima umene ukulirira Sikusinja lero ndi womwewo umene maŵa ukondwera ndi bodza la Kalulu. Ndife ophunzirafe amene tinatola nthano yoyamba ija nkuiyesa chikombole choumbira nkhani zonse.

Mwina tinatengera mabuku oyamba a kumishoni. Nthondo wa a Samuel Nthara, amene anatuluka mu 1933, ndi munthu wakuba ndi wandewu pafupifupi buku lonse, ndipo m'masamba amenewo ndi wamoyo ndithu, timamva fungo lake. Akatembenuka mtima kumapeto, nkhani imazirala ngati nsima ya dzulo. A Nthara anali mlembi waluso, ndipo luso lao lonse linathera pa Nthondo wochimwa uja. Chimenechi chokha chikadatiphunzitsa kanthu.

Ndili ndi zaka ngati 15, tsiku lina la msika amai anandituma kukagulitsa nandolo pa Lirangwe. Chakumasana kunamveka mfuu yoti "Wakuba!" Mnyamata wina wosadziŵika kwathuko anagwidwa ndi nsalu imodzi m'malaya. Anamgwetsa pansi. Amene ankammenya sanali achifwamba. Panali bambo wina amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi kwathu, panalinso mai wogulitsa mandasi amene kaŵirikaŵiri ankandiwonjezera limodzi laulere poti ankadziŵana ndi amai. Maiyu ndiye anabwera ndi chikuni. Ine sindinaponye mwala, koma ndinasiya dengu langa nkukaima kutsogolo, ndipo ndinakuwa nawo mpaka mau anasasa. Pamene anadzamchotsa, mnyamatayo sankatha kuima yekha. Ife tinabwerera kumalonda athu tili opepukidwa, ngati anthu amene agwira ntchito yabwino.

Aliyense pamsika paja ankadziyesa wa mbali ya Sikusinja. Gwenembe tinali titampeza, anali gone m'fumbi. Patapita zaka ndinalemba nkhaniyi, koma omenya onse aja ndinawaphatikiza kukhala munthu mmodzi wamaso ofiira wonunkha kachasu. Mai wamandasi ndinamsiya, ndipo mnyamata wadengu ndinamsandutsa mboni yachisoni yoima patali. Nkhaniyo anthu anaiyamikira, chonsecho inali yabodza.

Kuchokera kwathu kupita ku Chileka si patali, ndipo bwalo la ndege lija lili ndi phunziro lomweli, koma la dziko lonse. Pa 6 July 1958 khamu la anthu linasonkhana pamenepo kulandira Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anabwera kudzathetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 March 1959 boma la atsamunda linammanga nkumkweza ndege pa Chileka pomwepo kupita naye kundende ya ku Gwelo. Wolemba amene akadaimika nkhani yake tsiku limenelo sakadavutika kuloza wabwino ndi woipa, ndipo sakadanama. Chitaganya chinali choipadi, ndipo amene anachigwetsa anachita chabwino. Koma nkhani sinaime. Boma la munthu yemweyo ndilo linakhazikitsa lamulo lopima mabuku mu 1968, ndilonso linatsekera Jack Mapanje ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kumzenga mlandu. Kodi tinene kuti pa Chileka panatera Sikusinja, nkudzasanduka Gwenembe panjira? Nanga khamu lija, ndi ana ake amene anavina ndi kuloza anzao zala kwa zaka 30, tiliika mbali iti?

Msewu wopita ku Mwanza umadzera pa Lirangwe, ndipo ndikaona basi yolembedwa dzina limenelo ndimakumbukira kambalame kaja. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Anthu ambiri sanakhulupirire, koma ankanong'ona chabe. Kambalame kanadzaimba poyera patapita zaka zoposa khumi, pamene bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Mu December 1995 bwalo lamilandu linapeza Dr. Banda ndi a John Tembo osalakwa pa mlandu wokonza chiŵembucho. Apa nthano ya agogo inakwanira theka lokha: zobisika kuthengo zinaululika, koma mapeto aja amene ana timadikira, woipa ataloza ndi kulangidwa, sanafike.

Nchifukwa chake masiku ano ndikaganiza za nthano ija, maso anga sakhalanso pa abale aŵiriwo. Amakhala pa mbalame ndi pa mudzi. Mbalameyo ilibe mphamvu, simenya nkhondo, siweruza. Imangonena chimene chinachitika, dzina ndi malo, osachotsapo kanthu. Ndipo nthano imatha bwino kokha chifukwa anthu a m'mudzi analeka zimene ankachita namvetsera, ngakhale wonenedwayo anali mwana wao wobwera ndi katundu wambiri. Agogo mbali imeneyi ankaidutsa msanga, ngati kuti kumvetsera nkosavuta.

Ena mwa inu mudzati ndikufuna kusokoneza choyera ndi chakuda kuti pasakhalenso wolakwa. Iai. Chinua Achebe, m'buku lake la Things Fall Apart la 1958, anatipatsa Okonkwo, munthu wolimbikira ntchito, wokonda mwana wake wamkazi, wolemekezeka pakati pa anthu ake. Yemweyo ndiye akutema Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha bambo, kuopa kuti anzake angamuyese wamantha. Palibe woŵerenga amene amakayika kuti chimenecho nchoipa. Chimaŵaŵa koposa chifukwa wochitayo tamzoloŵera, tadya naye, ndipo mantha akewo tikuwadziŵa. Munthu wamaso ofiira wa m'nkhani yanga ija sangaŵaŵitse aliyense, pakuti palibe woŵerenga amene angadzione mwa iye.

Mnzathu wa nkhani ya chitsime asandikwiyire, pakuti mlandu wake ndi wanga womwe. Ine ndaitulutsanso nkhani ya pamsika ndipo ndikuilemba kachiŵiri. Mai wamandasi ndambwezeramo, ndi chikuni chake, ndi mandasi ake aulere. Bambo wanyimbo alimonso. Pamene ndaima tsopano ndi pa mnyamata wadengu: ndalemba kale kanayi ndime imene akusiya nandolo wa amake nkuthamangira kutsogolo, ndipo nthaŵi iliyonse ndikaiŵerenga ndimapeza kuti ndampatsa chifukwa chomveka, choti amkhululukire nacho. Tsiku lija chifukwa ndinalibe. Ndikaimaliza ndidzabwera nayo kumsonkhano, ndipo ndime imeneyo ndiyo mudzayambire kuing'amba.