Njala Pakati pa Masitolo Odzaza

M'chaka cha 2000, mu mzinda wa Salisbury ku England, Paddy ndi Carol Henderson anayamba kuunjika zakudya za m'zitini m'kashedi ka kuseri kwa nyumba yawo ndi m'galaja. Bungwe lawo, Trussell Trust, analikhazikitsa mu 1997 pofuna kuthandiza ana ovutika ku Bulgaria, koma mayi wina wa mu Salisbury momwemo anawaimbira foni kuwauza kuti ana ake akugona ndi njala. Kashedi kaja kanabala malo ambirimbiri otchedwa food bank, kumene munthu amene zamuthina amakalandira chakudya chaulere. M'chaka cha 2010/11 malo a bungweli anathandiza anthu pafupifupi 61,000. Pofika 2023/24 anagawa maphukusi oposa 3.1 miliyoni, ndipo oposa miliyoni imodzi anapita kwa ana. Pa zaka zonsezi Britain sanaone chilala choti n'kusowetsa chakudya m'dziko, ntchemberezandonda sizinadye minda, masitolo anali odzaza mpaka kudenga. Chomwe chikusowa m'nyumba za anthuwa si chakudya ayi, ndi ndalama, ndipo dziko likamayankha kusowa kwa ndalama pogawa zitini za nyemba ndiye kuti likupaka mankhwala pamene palibe bala.

Kuti timvetse bwino, tilowe kaye m'holo ya tchalitchi tsiku logawa. Munthu sangolowa n'kunyamula. Amayenera kubwera ndi kapepala kochokera kwa dokotala, kusukulu ya mwana wake, kwa wogwira ntchito zosamalira anthu kapena ku ofesi yopereka uphungu ya Citizens Advice, kotsimikiza kuti zinthu zavutadi. Akafika amamukhazika pampando, kumupatsa tiyi, kwinaku anthu ongodzipereka akulongedza m'majumbo chakudya cha masiku atatu: pasitala, mpunga, nsomba ndi tomato za m'zitini, mkaka wosawonongeka msanga, masamba a tiyi, nthawi zina sopo ndi matewera. M'malo ena pakona pamakhala mulu wa majekete a nyengo yozizira ndi mayunifomu amene ana a eni ake anakula n'kuwasiya. Koma chimene chimaulula zonse ndi phukusi lina lapadera limene malo ambiri anayamba kukonza, la zakudya zongothira madzi otentha kapena zodya zozizira. Analiyambitsa chifukwa anthu ena ankabweza mpunga ndi pasitala, akuti alibe mayunitsi a magetsi kapena gasi woti aphikire. Munthu wanjala akamabweza mpunga waulere, ndiye kuti amene wamupatsayo wayankha funso limene silinafunsidwe.

Gwero la mavutowa silobisika. Boma la Britain litayamba kubweretsa ndondomeko ya Universal Credit mu 2013, yomwe inaphatikiza mitundu ingapo ya chithandizo kukhala chimodzi, linaika lamulo limene limachititsa kuti munthu adikire pafupifupi milungu isanu asanalandire ndalama yoyamba. Amene ntchito yamuthera lero, ndipo ankangodya za m'manja mwezi ndi mwezi, milungu isanuyo adya chiyani? Boma limalola kuti akongole kachangu, koma ngongoleyo amaidula ku chithandizo cha miyezi yotsatira, choncho dzenje limangosamukira kutsogolo. Pa nthawi ya Covid-19, mu Epulo 2020, boma linawonjezera mapaundi 20 pa mlungu ku chithandizochi, n'kudzawachotsanso mu Okutobala 2021, mitengo ya magetsi ndi zakudya itangotsala pang'ono kukwera modetsa nkhawa. Kuwonjezerako kunali kuvomereza, ngakhale mosanena, kuti ndalama ija inali yosakwana.

Alipo amene amati chiwerengero chija sichikusonyeza kukula kwa njala koma kuchuluka kwa malo ogawira, pakuti chaulere sichisowa ochifuna. Maganizowa anawanenapo David Freud, nduna yoona za chithandizo cha boma, mu nyumba ya malamulo mu 2013. Muli kachoonadi momwemo, chifukwa kumene kulibe food bank kulibenso wowerenga anthu anjala, ndipo malo atsopano akatsegulidwa chiwerengero chimakwera. Koma zimenezo zikungosonyeza kuti njala inalipo kale, inkangosowa woilemba. Komanso chaulerecho n'chodula kuposa mmene nduna inkaganizira. Munthu ayenera kukakhala pamaso pa mlendo n'kuvula umphawi wake wonse, kulipira basi kapena kuyenda wapansi atanyamula majumbo olemera, kuima pamzere pamene aneba angamuone, ndipo zonsezi n'cholinga chopeza zitini za masiku atatu zimene sanasankhe yekha. Palibe munthu wokhuta amene angadzivutitse chonchi chifukwa cha chitini cha supu.

Ena amavomereza kuti njala ilipo, koma amati bola kupereka chakudya kusiyana ndi ndalama, poopa kuti ndalama ikathera ku mowa ndi fodya. Mantha amenewa ndi akale, ndipo pansi pake pagona maganizo oti wosauka sadziwa za m'nyumba mwake. Komatu mayi amene wakhala akugawa mapaundi ochepa pakati pa lendi, magetsi ndi nsapato za mwana amawerengera bwino kuposa ambiri mwa amene amamukayikira. Iye ndiye akudziwa kuti mwana wake mkaka wa ng'ombe umamudwalitsa, kuti pakhomopo sadya nkhumba, kuti mlungu uno chofunika kwambiri ndi mayunitsi osati shuga. Jumbo lolongedzedwa ndi munthu wina silingadziwe zimenezi. N'zochititsa chidwi kuti Malawi, dziko losauka kutalitali poyerekeza ndi Britain, linayamba kukhulupirira mabanja ovutikitsitsa ndi ndalama m'manja kale mu 2006, pamene Mtukula Pakhomo ankayesedwa koyamba ku Mchinji. Boma la Scotland nalo mu 2023 linatulutsa ndondomeko yoti munthu akagwa m'mavuto choyamba chikhale kumupatsa ndalama ndi uphungu, chakudya cha m'jumbo chikhale chomaliza. Zoona, alipo ochepa amene angamwere ndalamayo, monga alipo olemera amene amamwera malipiro awo, koma sitinamvepo kuti wolemera alipidwe ndi zitini.

Kutsutsa kumene kumandivuta kwambiri ndi kwa anthu ongodzipereka aja. Agogo opuma pa ntchito amene amathera Loweruka lonse akusanja zitini potsata tsiku lotha mphamvu, ana asukulu amene amasonkhanitsa zakudya pa nthawi ya zokolola, wogula amene amaponya paketi ya mpunga m'dengu la pakhomo la sitolo, onsewa akuchita chinthu chabwino, ndipo amadziwa kuti kupatsa n'kuika. Kunena kuti food bank si yankho kungamveke ngati kuwalavulira m'manja. Komanso mwana amene ali ndi njala lero sangadikire kuti nyumba ya malamulo isinthe maganizo. Ndikuvomereza zonsezo, ndipo sindikunena kuti malowa atsekedwe mawa. Chimene ndikuopa ndi chimene chinachitika ku America. Kumeneko John van Hengel anatsegula St. Mary's Food Bank ku Phoenix mu 1967, ndipo zimene zinayamba ngati kuzimitsa moto lero zili ndi nyumba zosungiramo katundu, malole ndi antchito olembedwa. Janet Poppendieck, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anachenjeza mu 1998 kuti chifundo chotere chikazika mizu chimapeputsira boma katundu, chifukwa anthu amaona ngati nkhani ya njala ili m'manja abwino. A Trussell enieniwo amanena poyera kuti cholinga chawo n'chakuti food bank isadzafunikenso. Ndipo Marcus Rashford, wosewera mpira amene anakula akudalira chakudya chaulere cha kusukulu, atafuna kuthandiza ana mu Juni 2020 sanalekere pa kusonkhetsa zopereka. Analembera aphungu kalata, boma n'kubweza maganizo ake pa za chakudya cha ana pa holide.

Pali gulu lina limene nkhaniyi imalikhudza mwakachetechete. Britain atatsegula khomo mu 2022 kwa osamalira okalamba ochokera kunja, anthu ambiri a ku Zimbabwe, ndi ena a ku Malawi ndi Zambia, anapita kumeneko pa ziphaso zimene zili ndi lamulo loti mwini wake saloledwa kulandira chithandizo cha boma monga Universal Credit. Owalemba ntchito akachepetsa maola, kapena boma likalanda kampaniyo chilolezo, munthuyo amatsala pamtetete, lendi ikumudikira, kumudzi nako akudikira ya fetereza ndi fizi. Kwa iyeyu food bank sikuwonjezera pa chithandizo cha boma, kawirikawiri ndiyo chithandizo chokhacho, ndipo lamulo silimuletsa kupitako chifukwa chakudyacho si cha boma. Chimamuletsa ndi manyazi: amene anakwera ndege abale akumubayibitsa pa Chileka kapena pa Kamuzu akaonekere bwanji pamzere wa opempha? Manyaziwo akuwasenza munthu wolakwika. Iye amadzuka usiku kukasambitsa makolo a eni dziko, msonkho amadulidwa pa malipiro ake mwezi uliwonse, ndipo msonkho womwewo ndi umene umalipira chithandizo chimene chiphaso chake chimamukaniza.