COLOWA CA AMASIYE

Mau owerenga: Numeri 27:1-11, Rute 4:1-10, Macitidwe 6:1-7.

Pamene ana a Israyeli anali m'zidikha za Moabu, atatsala pang'ono kuoloka Yordano, Mose anawerenga amuna onse oyambira zaka 20, kuti dziko likagawidwe monga mwa maina ao. Tsono panali munthu wa pfuko la Manase, dzina lace Tselofekadi, amene anafera m'cipululu wopanda mwana wamwamuna. Iye anasiya ana akazi asanu, ndiwo Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Mwa mwambo wa masiku aja munda unatsata mwana wamwamuna, ndipo asanuwa akadalowa m'dziko la malonjezano alibe ngakhale pogwetsa khasu. Koma iwo sanakhale cete. Anadza pamaso pa Mose ndi Eleazara wansembe ndi akuru a khamu lonse, nadandaula kuti dzina la atate wao lidzatayika pakati pa abale ace. Mose sanawabweze ndi mau akuti mwambo ndi mwambo. Anatenga mlandu wao napita nao kwa Yehova, ndipo Yehova anabvomereza pempho lao, nalamula kuti apatsidwe gawo lao. Kuyambira tsiku lomwelo Israyeli anakhala ndi lamulo latsopano la colowa, ndipo buku la Yoswa, mutu 17, licita umboni kuti anawo analandiradi dziko lao.

Mbiri iyi iphunzitsa kuti mwambo wa anthu, ngakhale uli wakale ndi wolemekezeka, ukhoza kukhala ndi mpata umene ofooka agweramo. Ndiponso kuti Mulungu akondwera pamene akuru a dziko akhala pansi, namva kulira kwa akazi ndi ana, nakonza lamulo. Nchito yotere inacitikanso m'dziko la Zambia, ndipo nkoyenera kuti Akristu aidziwe ndi kuyamika Mulungu cifukwa ca iyo.

I. Bala limene linaoneka m'dziko

Makolo sanali anthu ouma mtima pa amasiye. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mwamuna anali kukhala cikamwini kumudzi kwa mkazi wace. Munda unali wa mbumba ya mkaziyo, ndipo ana anali m'manja mwa malume ao. Mwamuna akamwalira, abale ace anali kutenga nkhwangwa yace, uta wace, kapena mbuzi zowerengeka; koma mkazi anatsala m'nyumba yace, ndi nkhokwe yace, pakati pa abale ace. Pakati pa Angoni, kumene ng'ombe za malowolo zinamanga ukwati, mkazi wamasiye ndi ana ace anatsala m'mudzi wa mwamuna, ndipo abale a mwamunayo anali ndi mangawa a kuwasunga. Konsekonse wolowa dzina la wakufa analowanso akatundu ace. Cuma ndi udindo zinayenda pamodzi monga khasu ndi mpini wace.

Koma migodi itatseguka ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, ndipo mizinda yonga Lusaka ndi Ndola itakula, makhalidwe anasintha. Mwamuna ndi mkazi anamanga banja kutali ndi midzi yao, ndipo cuma cao cinakhala nyumba, mipando, makina osokera, njinga, ndi ndalama zocokera kunchito. Zambiri za izi anazipeza awiriwo pamodzi, mwamuna ku mgodi kapena ku ofesi, mkazi pamsika ndi pamoto. Tsono imfa itafika, abale a mwamuna anali kudza ndi dzina la mwambo, natenga zonse, kufikira mbale ndi zopfunda za ana, nabwerera kwao. Anakumbukira theka la mwambo lonena za kutenga, naiwala theka lonena za kusunga. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene nthenda ya Edzi inacurukitsa maliro a anthu a misinkhu ya pakati, bala ili linakula koposa.

Mtima wotere suli wacilendo m'Buku Lopatulika. Pa cipata ca Betelehemu, pamaso pa akuru khumi, Boazi anauza mbale wina wapafupi kuti munda wa Elimeleki unali kufuna woombola. Munthuyo anabvomera msanga. Koma atamva kuti pamodzi ndi mundawo panali Rute wamasiye, ndi mangawa a kuutsa dzina la wakufayo, anabvula nsapato yace nakana. Anafuna munda, wamasiye sanamfune. Buku la Rute silinasunge ngakhale dzina la munthu ameneyu.

II. Nchito ya bungwe la Boma

M'zaka za m'ma 1970 Boma la Zambia linaika bungwe lochedwa Law Development Commission, kuti lisanthule malamulo a dziko ndi miyambo ya anthu ace, ndi kulangiza Boma pofunika kukonza. Mwa nchito zace zoyamba panali nkhani ya cuma ca masiye. Bungweli linafufuza miyambo ya mitundu ya m'dziko pa nkhani ya colowa, ndipo m'caka ca 1982 linapereka lipoti lace. Panapita zaka zisanu ndi ziwiri za makani, pakuti ambiri anaopa kuti lamulo latsopano lidzapasula cibale; koma mabungwe a amai sanaleke kugogoda pa khomo. M'caka ca 1989, m'masiku a Prezidenti Kenneth Kaunda, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Intestate Succession Act, lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo.

Lamulo limeneli linagawa cuma motere: magawo 50 mwa 100 kwa ana, monga mwa misinkhu yao ndi zosowa za maphunziro ao, magawo 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi magawo 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Ndiko kunena kuti pa ng'ombe 10, ana alandira 5, wamasiye 2, makolo 2, ndi odalira 1. Katundu wa m'nyumba analekeredwa kwa wamasiye ndi ana. Nyumba nayo inapatsidwa kwa iwo, wamasiyeyo akhalemo masiku onse a moyo wace, pokhapokha akalowa ukwati wina. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati anawerengedwa pamodzi ndi anzace. Ndipo wolanda mwa cinyengo gawo la mwini wace anaikiridwa cilango ca kulipira, kapena ndende kufikira zaka ziwiri, kapena zonse ziwiri.

Pambuyo pace panadza zothangata zina. A Polisi anatsegula nthambi yochedwa Victim Support Unit, kumene wamasiye wolandidwa akhoza kukadandaula. Ndipo lamulo la m'caka ca 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linachula poyera kuti kukakamiza wamasiye kulowa cokolo, kapena kumgoneka ndi munthu pofuna kumyeretsa ku imfa, ndi nkhanza pamaso pa Boma.

Ena amadandaula kuti lamuloli linaiwala atate ndi amai amene anagulitsa ng'ombe zao kuti mwana wao aphunzire. Dandaulo ili liyenera kumveka, pakuti lamulo lacisanu la Mulungu silifa pa tsiku la ukwati. Koma wowerenga bwino aona kuti makolo sanaiwalike: gawo lao lilingana ndi la wamasiye. Cimene cinaletsedwa ndico kusesa nyumba yonse ndi kusiya adzukulu a makolo omwewo pa mtetete. Mtumwi Paulo, polembera Aroma, pa mutu 13, aonetsa kuti wolamulira aikidwa kuti atumikire Mulungu pocitira anthu zabwino. Pamene Boma licinjiriza mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye, licita nchito yeniyeni imene Mulungu analipatsira ulamuliro, ndipo Mkristu ayenera kuligonjera cifukwa ca cikumbumtima, si cifukwa ca kuopa ndende kokha.

III. Cimene lamulo silingathe

Komatu lamulo la anthu liri ndi malire ace. La 1989 silinakhudze minda yokhala pansi pa mafumu monga mwa mwambo, ndipo akazi ambiri a kumidzi moyo wao uli pa minda yomweyo. Kumene kuli mitala, magawo 20 aja agawidwa pakati pa akazi onse, ndipo gawo la yense licepa. Coposa izi, lamulo lolembedwa ku Lusaka silifika lokha pa siwa usiku wa maliro. Pamenepo mkazi ali pansi pa mphasa, wosadya, wosagona, woopa kunenedwa kuti ndiye anapha mwamuna wace, woopanso ufiti ndi matemberero. Makiyi a nyumba ndi makalata a kunchito acoka m'manja mwace iye asanapukute misozi. Akazi ambiri adziwa kuti khoti liripo, koma aopa kuimba mlandu abale a ana ao.

Gwero la coipa ici ndi cisiriro, ndipo cisiriro sicimangidwa ndi unyolo wa Polisi. Ndi cacisoni kuti olanda cuma ca masiye kawirikawiri ndi anthu obatizidwa, oimba nyimbo pa manda m'mawa, nakweza mipando pa galimoto madzulo. Ambuye Yesu, pa Marko 12, anadzudzula alembi amene anaphatikiza mapemphero atali ndi kulusira nyumba za akazi amasiye, nanena kuti kuweruzidwa kwao kudzaposa kwa ena. Pa Eksodo 22 Yehova acenjeza kuti kulira kwa wamasiye wosautsidwa kufika m'makutu mwace, ndi kuti nyumba ya wosautsayo idzalawa umasiye womwewo. Akuru akale anaona comweco pamene anati: caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo mlandu suola. Ungalephere ku khoti la pansi pano, udikira pa bwalo la Mulungu.

IV. Gawo la Mpingo

Mpingo woyamba ku Yerusalemu unakomana ndi dandaulo la mtundu womwewu. Okhulupirira olankhula Cihelene anaona kuti amasiye ao anali kupitiriridwa pa kugawa kwa cakudya ca tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane mlanduwo, ndiponso sanauphimbe poopa manyazi. Anaitana ophunzira onse, ndipo anasankhidwa amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, Stefano ndi Filipo ali mwa iwo, naikidwa manja kuti ayang'anire nchitoyo. Maina a onse asanu ndi awiri ali a Cihelene, cimene cionetsa kuti Mpingo unakhulupirira a mbali yodandaulayo. Cotero udindo woyamba umene Mpingo unaika pambali pa utumwi unabadwa cifukwa ca amasiye, ndipo Luka alemba kuti zitatha izi Mau a Mulungu anafalikira koposa.

Mpingo wa lero uli ndi nchito zinai zoonekera. Yoyamba ndiyo kuphunzitsa. Abusa ndi akuru a Mpingo adziwe magawo a lamuloli ndi kuwafotokoza m'cinenero ca anthu, m'makalasi a ofuna ukwati ndi m'misonkhano ya abambo ndi ya amai, imfa isanafike. Yaciwiri ndiyo kulimbikitsa mwamuna ndi mkazi yense wokhala ndi kanthu kuti alembe wilo, naisaine pamaso pa mboni ziwiri zosalandira kanthu m'menemo. Ena aopa kuti kulemba wilo kuitana imfa. Koma mneneri Yesaya anatumidwa kwa mfumu Hezekiya kukamuuza kuti akonze za banja lace, ndipo Ambuye mwini, ali pa mtanda, anapereka amace m'manja mwa Yohane. Wolemba wilo akumbukire ana ace, mkazi wace, ndi makolo ace okalamba, kuti otsala asadane pa manda ace.

Yacitatu ndiyo kukhalapo pa nthawi ya kugawa katundu. Akuru a Mpingo asabalalike pamene adzukulu atha kufotsera manda, pakuti nkhondo ya wamasiye iyamba pamenepo. Mkuru mmodzi kapena awiri, pamodzi ndi amai a Cigwirizano, akhale pa bwalo la banja, ndipo ngati kufunika amperekeze wamasiye ku khoti posankha woyang'anira cuma. Woyang'anirayo akumbutsidwe kuti ali kapitao wosungira ena, wodzawerengera pamaso pa khoti ndi pa Mulungu. Yacinai ndiyo mwambo wa Mpingo. Mkristu wolanda za amasiye acenjezedwe monga acenjezedwa wakuba ndi wacigololo, ndipo kulapa kwace kuoneke monga kwa Zakeyu, pakubweza zimene anatenga.

Ndipo wamasiye nayenso, atalandira gawo lace, asatseke khomo pa apongozi ace. Ana asaletsedwe kuona agogo ao, pakuti lamulo linagawa cuma, silinadule cibale. Yakobo, pa mutu woyamba wa kalata wace, ayesa cipembedzo ca munthu ndi muyeso uwu wa kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso ao. Ndipo muyesowo ugwira mbali zonse ziwiri za banja.

Mulungu, amene ali Atate wa ana opanda atate, apatse nzeru onse okonza malamulo a dziko la Zambia, ndi oweruza, ndi mafumu osunga minda. Alimbitse mitima ya akazi olira m'caka cino, atembenuze mitima ya osirira, ndipo apatse Mpingo wace akuru olimba mtima amene adzaima pambali pa wamasiye kufikira mlandu wace utaweruzidwa molungama. Amen.