Duwa Lochedwa

Mwezi wa Meyi mwera ukayamba kuwomba, asodzi a ku Makawa amakokera mabwato kumtunda, ndipo maungu a kuseri kwa nyumba yanga ku Mangochi amatulutsa maluwa otsiriza. Mvula yatha, choncho maluwawa sadzabala dzungu. Lililonse limamasula m'mawa, pofika masana lafota.

Mayi a kunyumba amati: "Bambo, tithyole chiluwechi titendere." Sindingawatsutse. Mu 2024, pamene maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pangozi chifukwa cha chilala, ndani akadasiya ndiwo m'munda n'kumangoziyang'ana?

Komabe funso limandisautsa: kodi chosabala n'chopanda pake? Zaka 20 za ntchito ya boma zandizoloweza kuyesa zonse ndi phindu, ngakhale anthu. Malume anga adakalamba, sangalimenso kapena kupalasa bwato. Kodi nawonso tiwayese motero?

Tsono tidapangana: mayi amathyola ambiri, n'kundisiyira atatu. Ndisanapite ku ofesi ndimakhala pafupi ndi maluwawo, njuchi zikulowa ndi kutuluka. Izo zimapezamo chakudya. Amene ndidawaweruza kuti ngachabe ndine ndekha. Loweruka likakwana ndimapita kwa malume, kukangokhala nawo pakhonde.